Foda ya abambo yolembedwa "Zanga"

Kompyuta ya kwathu inkatenga mphindi 12 kuti idzuke. Sindikukokomeza ayi, ndinawerengera ndekha pa foni. Ukadina batani loyatsira, unkatha kupita kukatereka madzi a tiyi, kutsuka makapu, n'kubwerera kudzaipeza ikadali kuganiza ngati munthu amene wafunsidwa funso lovuta pagulu. Ikadzuka, inkayamba ndi bodza: tsiku lililonse inkati lero ndi pa 1 Januwale 2010. Ukaikonzera deti, mawa lake yabwereranso komweko.

Laputopu imeneyi anaigula malemu abambo anga mu 2013, yakaunjika, kwa mnzawo amene ankabwera ndi katundu kuchokera ku Joni. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ankalembapo mayeso, magiredi a ana ndi makalata a komiti ya sukulu, kutayipa kwake kwa zala ziwiri zokha. Batire lake linafa kalekale, moti magetsi akangothima nayonso inkathima pompo. Chimwalirire abambo mu 2021, inkangokhala m'kabati, yofunditsidwa chitenje, n'kumatulutsidwa mwa apo ndi apo wina akafuna kulemba kalata yofunsira ntchito.

Chaka chino mng'ono wanga wapeza malo ku koleji, ndipo pa mndandanda wa zofunika analembapo laputopu. Mitengo ya zatsopano mukuidziwa nokha, ndisakukwezereni BP. Amayi anangoti, "Iwe, si unapita ku yunivesite? Takonza ija ya abambo ako, mng'ono wako apite nayo." Kwathu digiri ndi digiri basi. Kaya unaphunzira za mabuku ngati ine, ukuyenera kudziwa kukonza kompyuta, kuwerenga zolemba za dokotala ndi kulosera mtengo wa feteleza.

Ndikulemba izi chifukwa ntchito imene ndinkaiona ngati ya sikuludalaivala ndi kaburashi inandisiyira funso limene mpaka lero silinandichoke. Munthu akatisiyira zinthu zake m'makina, osatiuza kuti tisunge, tiwerenge kapena titaye, ufulu wathu pa zinthuzo umalekezera pati?

Ndinainyamula kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, wa kashopu kodzaza mawaya ndi mafoni osweka. Anaiyatsa, n'kuika khutu pafupi ndi kiyibodi. Inkamveka kaphokoso kakang'ono, ke-ke-ke, kobwerezabwereza. Anandiyang'ana.

"Achimwene, musanandifunse za sipidi, ndikufunseni kaye ine. Zimene zili m'katimu muli nazo kwina?"

Ndinati ayi.

"Ndiye mwabwera ndi wodwala wa kayakaya, inu mukufunsa za mafuta odzola. Pitani mukakope kaye zonse. Zokonza tikambirana mawa."

Anandifotokozera zimene pambuyo pake ndinakazitsimikizira ndekha powerenga. Kompyuta yakale sichedwa chifukwa cha ukalamba chabe, pamakhala zifukwa zogwirika. Hard disk ya mtundu wakale ili ndi timbale tozungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kuwerenga. Mbali zina za timbaleti zikayamba kuwonongeka, kamkonoko kamayesa kuwerenga malo amodzimodzi kambirimbiri, iwe n'kumangoona ngati makina aima. Kaphokoso kaja kanali chizindikiro choti disiki ikhoza kufa tsiku lililonse, ndipo kuthimathima kwa magetsi ili pakati polemba kunali kutaononga kale mafayilo ena. Chachiwiri chinali RAM. Inali 2GB yokha, ndipo RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito: likakhala laling'ono, kompyuta imangokhalira kutsitsa ndi kukweza katundu kuchokera pa disiki yodwala ija. Chachitatu fumbi. Linali litatseka fani, purosesa n'kumatentha, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Panalinso mapulogalamu ambirimbiri odziyatsa okha kompyuta ikangodzuka, ena oti palibe amene akukumbuka kuti analowa bwanji. Windows yake inali Windows 7, imene Microsoft inasiya kuitumizira zoitetezera pa 14 Januwale 2020. Za deti lonama lija, linali kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikathima. Kanatha mphamvu, basi.

Zonsezi zimakonzeka. Chosakonzeka n'chimodzi: chithunzi chimene chinali pamalo amodzi okha, malowo n'kufa.

Ndinabwereka hard disk yakunja kwa mnzanga, n'kukhala pansi usiku magetsi atayaka. Malangizo anali oti ndiyambe ndi zinthu zimene sizingapezekenso kwina kulikonse, chifukwa disiki yodwala ikhoza kutsirizika uli pakati pokopa. Nyimbo ndi mafilimu zidikire. Ndiye ndinayamba ndi zithunzi. Ukwati wa asuweni anga, abambo atavala suti yawo imodzi ija. Mng'ono wanga ali Sitandade 5, mano akutsogolo palibe. Tsiku langa lomaliza maphunziro mu 2019, abambo atagwira chipewa changa ngati dzira. Panalinso kavidiyo ka masekondi 40 kamene wina anajambula mwangozi, kamera ikuloza pansi, koma mawu a abambo akumveka akuseka ndi kufunsa ngati nsima yapsa. Ndinali nditaiwala mmene ankasekera. Ndinakamvera kasanu, kenaka ndinakakopa malo atatu nthawi yomweyo, manja akunjenjemera poganiza kuti zaka zonsezi kanali pa disiki yolira ke-ke-ke m'kabati.

Mpaka apa nkhani ndi yosavuta, ndipo phunziro lake ndi lija timalidziwa tonse koma osalichita: pakadafunda padajiwitsa galu. Kopani zinthu zanu lero.

Kenaka ndinalowa mu Documents. Munali mafoda okonzedwa bwino mwa uphunzitsi: Mayeso, Magiredi, Komiti, Makalata. Pansi penipeni panali ina yolembedwa "Zanga". Inalibe pasiwedi. Munali mafayilo 41.

Ndikanatha kungoikoka n'kuiponya pa disiki yakunja osaona za m'kati. Kukopa sikufuna kuti uwerenge. Koma maso anagwera pa fayilo ina ya Excel yotchedwa "Fizi", ndipo ndinadziuza kuti mwina ndi za sukulu, mwina ndi zofunika. Kunena zoona ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza. Dzina la fodayo linali litandiuza kale kuti muno si mwanga. Ndinadina.

Inali ndondomeko ya ngongole, kuyambira 2015 mpaka 2019, zaka zenizeni zimene ndinali ku yunivesite. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, amene anawakongoza, ndalama zake, ndi zimene abweza. Banki m'khonde. Mphunzitsi mnzawo. Wakatapila wina amene dzina lake linkabwera mobwerezabwereza, chiwongoladzanja chikukula mwezi ndi mwezi. Njinga yawo imene anatiuza kuti inabedwa, apa inalembedwa kuti inagulitsidwa, ndi mtengo wake. Kumapeto kunali danga la ndemanga, ndipo pa mzere wina wa mu 2017 analemba kuti: mwana asadziwe, angasiye sukulu.

Chaka chimenecho ndimachikumbuka bwino. Ndinkawaimbira foni kuti ndalama ya chakudya yatha, iwo n'kuyankha mosavuta kuti, "Zilipo, iwe zingowerenga." Ndipo ndinkakhulupirira. Nthawi zina ndalama imeneyo ndinkagulira bandulo yocheza ndi anzanga usiku wonse.

Ndinatseka fayiloyo, mafayilo ena 40 ali chiyang'anire. Ena anali ndi mayina ngati "Kalata kwa achimwene", "Maganizo", "Osatumiza". Walira mvula walira matope. Ndinafuna kudziwa, ndadziwa, tsopano nditani ndi otsalawa?

Ndinamuuza mnzanga wina pa WhatsApp usiku womwewo. Yankho lake linali lachidule: "Aise, mdala anapita. Sangachite manyazi. Werenga zonse, ndi mbiri yako imeneyo." Maganizo amenewa si achibwana, ali ndi agogo awo m'mabuku. Epicurus, wanzeru wa ku Greece wakale, ankaphunzitsa kuti imfa si kanthu kwa ife, chifukwa pamene tilipo imfa palibe, ndipo imfa ikafika ife palibe. Ena amachokera pamenepo n'kunena kuti wakufa sungamulakwire, poti palibenso munthu woti amve kupweteka. Ngati zili choncho, foda ya "Zanga" ilibe mwini. Ndi katundu ngati mipando ndi mbale.

Koma taganizani zimene timachita pamaliro. Thupi la malemu salisambitsira pabwalo. Amatseka chitseko, amalowa anthu osankhika, ana amauzidwa kuti atalikire. Bwanji, ngati malemuyo sangachite manyazi? Mawu amene munthu wasiya ali pamphasa timawalemekeza, ngakhale sadzabwera kudzaona ngati tawatsata. Sindikuganiza kuti zonsezi ndi mantha a mizimu chabe. Ndikuganiza kuti makolo athu ankadziwa kuti munthu ali ndi zinthu zimene ankazifuna, ndipo zofuna zakezo sizifera limodzi ndi mpweya wake. Abambo ankafuna kuti ndisadziwe. Chifuniro chimenecho chinali chenicheni mu 2017, ndipo palibe tsiku limene anachibweza. Amene ndinachiphwanya ndine, iwo asakutha kudziteteza. Kuti sanamve kuwawa sikusintha zoti ndinalowa m'chipinda chimene chinalembedwa dzina la mwini wake pachitseko.

Kale nkhani ngati iyi sinkavuta chonchi. Zinsinsi za munthu zinkakhala m'mutu mwake, ndipo ankapita nazo kumanda. Zotsala zinali zovala, khasu, mwina kabuku kamodzi, zimene akuluakulu ankagawa pambuyo pa maliro, ndipo panali mwambo wodziwika wa amene ayenera kugwira chiyani. Makinawa abwera opanda mwambo. Amasunga zonse mofanana, chithunzi cha ukwati ndi kalata yolembedwa mokwiya pakati pa usiku, ndipo amapereka kwa aliyense amene wadina batani. Kawirikawiri wodinayo ndi ife achinyamata, osati chifukwa ndife oyenera, koma chifukwa ndife odziwa pomwe pali batanilo. Luso latiika pa mpando wa akuluakulu tisanakule.

Ndiye mwina ndifufute? Maganizo amenewa anandifikiranso. Ngati abambo sankafuna kuti tidziwe, ulemu waukulu ungakhale kumaliza ntchito imene imfa sinawapatse mpata woimaliza. Apa ndinakumbuka nkhani ya Franz Kafka, mlembi wa ku Prague amene anamwalira mu 1924. Anasiya pempho kwa mnzake Max Brod kuti awotche zolemba zake zonse zosasindikizidwa. Brod sanawotche. Chaka chotsatira anasindikiza The Trial, kenaka mabuku ena, ndipo lero Kafka amawerengedwa dziko lonse. Brod ankadziteteza kuti anamuuziratu mnzakeyo ali moyo kuti sadzachita zimenezo. Anthu akhala akukangana ngati anachita bwino. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti ngakhale pamene mwini wake ananena momveka kuti wotcha, wotsalayo anaona kuti nkhaniyo si yophweka. Nanga ine amene sindinauzidwe kalikonse? Abambo analemba "Zanga", sanalembe "Zotaya". Anasunga mafayilowo zaka zambiri, ndipo munthu sasunga chinthu chimene sachifuna. Mwina "Kalata kwa achimwene" inali yoti tsiku lina ifike. Mwina muli za malo akumudzi, kapena ngongole ina yosabwezedwa imene mawa wina adzabwera nayo pakhomo pa amayi. Amoyo nawonso ali ndi gawo lawo m'mafayilo a wakufa. Vuto n'lakuti sungadziwe fayilo ya udindo ndi fayilo ya mumtima popanda kuitsegula, ndipo ukaitsegula walowa kale.

Kufufutako nakonso kuli ndi chinyengo chake. Pa hard disk yakale, ukafufuta fayilo kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda n'kunena kuti malowo ndi aulere. Zolembedwazo zimakhalapobe mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake, ndipo alipo mapulogalamu otha kuzibweza. Ndiye chimene ukufuna chibwerere mwina sichibwerera, koma chimene umafuna chitheretu akhoza kuchipeza mlendo amene wagula disiki yako pamsika. Amene mumagulitsa malaputopu ndi mafoni akale osawayeretsa bwino, mfundo iyi muitenge.

Ndinagona mochedwa, ndipo m'mawa ndinaona chinthu chimene usiku sindinachione. Ndinali ndi zochita zitatu patsogolo panga: kuwerenga, kufufuta, kusunga. Ndinkaziyeza ngati zolemera mofanana, chonsecho ziwiri mwa izo zilibe njira yobwerera. Ukawerenga wawerenga, palibe batani loiwalitsa. Mawu aja a mu 2017 ndidzakhala nawo mpaka imfa yanga. Ukafufuta bwinobwino wafufuta, ngakhale mawa utazindikira kuti munali chikalata chofunika. Kusunga kokha ndiko kumasiya khomo lotsegula. Chosungidwa ukhoza kudzachiwerenga chaka chamawa, ukhoza kudzachitaya, ukhoza kuchipereka kwa woyenera. Nzeru yonse ya backup yagona pomwepa: usadziike pamalo poti kulakwitsa kumodzi kukhale komaliza. Ndinkaiona ngati nzeru ya makina, koma ndi nzeru ya khalidwenso. Pamene sukudziwa chabwino n'chiti, ndipo chinthucho si chako, sankha chimene chingathe kubwezedwa, kenaka kafunse amene ali pafupi ndi mwini wake kuposa iwe.

Wina anena kuti uku n'kuthawa chiganizo, kukankhira mawa zimene zikufunika lero. Nthawi zina n'zoona, ndipo tonse tili ndi mafoda a "ndidzaona" amene sitidzawaonanso. Koma kudikira chifukwa cha ulesi n'kosiyana ndi kudikira chifukwa wazindikira kuti mlanduwu woweruza wake si iwe. Msungi ndi mwini ndi anthu awiri. Amene wasungitsidwa mbuzi amaidyetsa ndi kuiteteza kwa afisi, koma saipha ngakhale ndiwo zitasowa.

Madzulo ake ndinawapeza amayi pakhonde akusankha nyemba. Ndinakhala pansi, n'kuyamba kuwathandiza kuti manja apeze chochita.

"Amayi, m'kompyuta muja ndapezamo zolemba za abambo. Za ngongole za fizi yanga."

Sanadzutse mutu. "Waziwerenga?"

"Imodzi yokha."

"Anakutuma ndani?"

Ndinalibe yankho. Anapitiriza kusankha nyemba kanthawi, kenaka anati, "Ngongole zimenezo zinatha. Yomaliza ndinabweza ine, ndalama za abambo ako zitatuluka. Palibe amene adzabwere pano." Anataya kamwala kunja. "Usaganize kuti ankabisa chifukwa cha manyazi. Ankafuna kuti mutu wako ukhale pa mabuku. Imeneyo inali mphatso yawo, ndipo unailandira kale. Kudziwa kwakoku sikuibweza."

Ndinawauza kuti alipo mafayilo ena 40, ndipo sindinawatsegule. Ndinafunsa ngati ndifufute.

"Usafufute. Usawerengenso. Undipatse ine. Tsiku limene ndidzafune, ndidzakuitana undiwerengere. Ndikapanda kukuitana, udziwe kuti sindinafune."

Mabuku onse amene ndinawerenga pa ngongole zija sanandipatse yankho lomveka ngati limeneli. Ndipo linachokera kwa munthu amene sanagwirepo mausi.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi izi, mwina zingathandize wina. Zithunzi, mavidiyo ndi zikalata za banja ndinazisunga motsata lamulo limene odziwa za makompyuta amalitchula 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikhale kutali ndi nyumba. Mfundo yomalizayi anthu amaipeputsa. Kope imene ili m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa limodzi ndi laputopuyo. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku amene anali pa mashelefu osiyana anapsa usiku umodzi chifukwa anali pansi pa denga limodzi. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Blantyre ndi maboma ena akummwera mu Malichi 2023, matope sanasankhe kuti ichi n'choyambirira, ichi ndi kope. Ndiye kope imodzi ili pa kompyuta, ina pa hard disk yakunja imene ndinagula, yachitatu pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Si yambiri, koma ukasankha zofunika zokhazokha imakwana, ndipo ndinkatumiza pang'onopang'ono ndikapeza bandulo yotchipa. Fulashi yokha musaidalire: imasowa, imachapidwa m'thumba la buluku, imatola mavairasi m'malo osindikizira mapepala. Ndipo mukakopa, tsegulani mafayilo angapo pa kope yatsopanoyo muone ngati akutseguka. Ine ndinapeza zithunzi 9 zimene zinawonongeka kale, theka la nkhope likuoneka, theka imvi zokhazokha. Zimenezo ndinachedwa nazo.

Foda ya "Zanga" sinapite pa intaneti. Kusunga nakonso kuli ndi malire ake, chifukwa kope iliyonse ndi khomo lina lolowera. Ndinaitsekera ndi pulogalamu yaulere ya 7-Zip, imene imatha kumanga mafayilo pamodzi n'kuwaika pasiwedi. Nthawi yolemba pasiwedi itakwana, ndinawapatsa amayi kiyibodi n'kutembenuka kuyang'ana kukhoma. Ndinkangomva tak, tak, pang'onopang'ono, zala ziwiri ngati amuna awo. Anailembanso pa kapepala n'kukabisa kumene amadziwa okha. Kope imodzi ili mu sutikesi yawo pamodzi ndi hard disk yakale ija, imene sindinalole kuti itsale kushopu. Ina ili kwanga. Bokosi ndili nalo, kiyi ndilibe, ndipo ndapeza kuti mtima wanga uli m'malo chifukwa cha zimenezo.

Kompyutayo tinaipukuta fumbi, tinasintha kabatire ka nthawi, tinaonjezera RAM kufika 4GB, n'kuikamo SSD, disiki yopanda timbale tozungulira. M'malo mwa Windows 7 tinaikamo Linux Mint, yaulere ndiponso yosalemera pa makina akale. Pano imadzuka madzi a tiyi asanayambe n'komwe kulira, ndipo deti imanena loona. Mng'ono wanga atailandira anafunsa ngati ikadali kompyuta ya abambo, poti za m'kati zasinthidwa pafupifupi zonse. Ndinamuonetsa batani la chilembo A, lofufutika chifukwa cha chala chawo. Anaseka n'kuiika m'chikwama.

Tsono ndibwere kwa inu amene mukuwerenga izi pa foni. M'manja mwanumo muli zambiri kuposa zimene abambo anga anasiya m'zaka 8: mauthenga, mavoisi noti, zithunzi zimene munatumizira munthu mmodzi yekha, manotsi olemba mutakhumudwa. Tsiku lina, Mulungu atalikitse, foni imeneyo idzakhala m'manja mwa mlongo wanu kapena mwana wanu, iye ali ndi chisoni ndi chidwi nthawi imodzi, monga ndinalili ine. Musamusiyire mtolo woganiza m'malo mwanu. Zimene simufuna kuti wina adzazione, fufutani nokha mukadali ndi mphamvu yosankha. Zimene mukufuna zidzatsale, zikopeni ndipo muuze munthu mmodzi kumene zili. Google ili ndi malo otchedwa Inactive Account Manager, pomwe mumasankha amene adzalandire zinthu zanu, ndi ziti, akaunti ikakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito. Facebook imalola kusankha munthu wodzayang'anira tsamba lanu mukadzapita, kapena kulamula kuti lidzafufutidwe. Zimatenga mphindi zochepa kuposa zimene kompyuta yathu inkatenga kuti idzuke. Timaziopa chifukwa zimamveka ngati kudziitanira imfa, koma ndi ulemu chabe kwa otsala, ngati kusesa m'nyumba usanapite paulendo.

Ndipo ngati inu ndi amene mwapatsidwa kompyuta kapena foni ya wina kuti mukonze, wamoyo kapena womwalira, kumbukirani kuti mwapatsidwa makina, simunapatsidwe munthuyo. Kopani zonse, tsegulani zochepa.

Kodi ndimadandaula kuti ndinatsegula fayilo ija? Ndayesa kuyankha moona mtima, ndipo yankho silikhala limodzi. Ndinalakwa kuitsegula, pamenepo sindikayika. Koma zimene ndinaona zandisintha m'njira imene sindingafune kuibweza. Satifiketi yanga ndimaiyang'ana mosiyana tsopano, ndimaonamo njinga. Chinthu chabwino chikhoza kutuluka m'cholakwa, cholakwacho n'kukhalabe cholakwa. N'chifukwa chake 40 enawo ali chitsekere, ngakhale masiku ena chidwi chimandiluma kuti mu "Osatumiza" muja munali chiyani, ndipo ankalembera ndani.

Sabata yatha mng'ono wanga anaimba foni kuti ndalama ya chakudya yatsala pang'ono. Malipiro anga anali asanalowe. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Zilipo, iwe zingowerenga." Nditadula foni ndinakhala chete kanthawi. Kenaka ndinapita kukabwereka kwa mnzanga wa kuntchito, ndipo usiku ndinatsegula Excel kuti ndilembe tsiku, dzina ndi ndalama, kuopa kuiwala. Pa dzina la fayilo ndinayamba kulemba "Fizi", ndinaima, kenaka ndinaonjezera mawu ena: "Fizi, mutha kutsegula akamaliza sukulu". Ndaikopa malo atatu, ndipo amayi ndawauza kumene ili.